Ankati ndine wamwano, osadziwa kuti ndinkabisa tsaya

Mukadafunsa za ine pamsika wa paboma ku Nkhotakota zaka zingapo zapitazo, amayi ogulitsa mpunga akadakuyankhani mosachedwa: "Ameneyo ndi wamwano, sapatsa moni." Ena akadati ndine wonyada, ena akadati ndine wolusa. Ndipo sakadanama, chifukwa n'zimene ankaona. Ndinkayankha anthu mwachidule, tsinya lili pamphumi, maso ali pansi kapena kumbali. Chimene sankadziwa n'chakuti mumtima mwanga munalibe kunyada ngakhale pang'ono. Munali ganizo limodzi lokha limene ndinkadzuka nalo n'kukagona nalo: ine ndine wonyansa, ndipo aliyense wondiyang'ana akuona zomwezo. Ndikulemba izi podziwa kuti alipo ambiri amene akuyenda ndi ganizo lotere, ena chifukwa cha khungu lawo, ena chifukwa cha chibwibwi, ena chifukwa chobwereza kalasi, ndipo anthu anawaweruza kalekale kuti khalidwe lawolo ndi chibadwa.

Ndili ndi chipsera cha moto kuyambira patsaya lakumanzere kutsikira m'khosi mpaka paphewa. Ndinapsa ndisanayambe sukulu, kumudzi kwathu kufupi ndi Chia. Inali nyengo ya mwera, ija asodzi amakokera mabwato kumtunda ndipo ana m'mamawa amaunjikana pamoto. Tikulimbirana malo, ndinagwera mphika wa phala umene unali pamafuwa. Agogo anandipaka mazira osaphika monga anthu ankachitira masiku amenewo, ndipo kuchipatala tinakafika bala litatukusira kale. Linapola, koma khungu linakokana n'kusintha mtundu.

Apa ndipatuke pang'ono, poti ana akupsabe m'midzimu chaka ndi chaka nyengo yozizira. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira oyera pamalo opsawo kwa mphindi 20, kenako thamangirani naye kuchipatala. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano sizichiza, zimangolowetsa tizilombo m'bala.

Ndinayamba Sitandade 1 mu 1994, chaka chimene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere. Ana tinasefukira, ena tinkaphunzirira pansi pa mitengo ya mango, ndipo aphunzitsi analibe mpata wodziwa mwana aliyense payekha. Amene anandidziwa msanga ndi anzanga, ndipo anandipatsa dzina: Chowamba. Mwana wa kunyanja amadziwa bwino momwe khungu la mlamba limaonekera ukauphula pamoto, choncho panalibe wofunsa tanthauzo. Dzinalo linandimata mpaka ku sekondale. Ena amene ankandiitana choncho sankafuna n'kunyoza komwe, ankangoyesa kuti ndiye dzina langa.

Zimene zinatsatira zinali zing'onozing'ono, zoti munthu wapadera sakadaziona. M'kalasi ndinkakhala kumapeto kwa mzere, tsaya lakumanzere litaloza kukhoma. Masamu ndinkawamva kuposa ambiri, koma dzanja sindinkakweza, chifukwa ukakweza dzanja kalasi yonse imacheuka. Pochokera kumjigo ndinkasankha mbali ya njira yoti odutsana nawo aone tsaya labwino. Pachithunzi cha ukwati wa achemwali anga ndili kumbuyo kwenikweni, duku litatsikira mpaka m'khosi. Kenako ndinaphunzira njira ina yodzitetezera: kuyamba ine kulalata munthu asanandiyambe. Mtsikana akangondiyang'ana kawiri ndinkamufunsa kuti, "Ukuona chiyani?" Nthawi zambiri ankakhala kuti sanaganize chilichonse, koma kuyambira tsikulo ankandilambalala.

Amayi anga, pofuna kunditchinjiriza kwa anthu odandaula, ankati, "Musiyeni, ndi chibadwa chake, anatengera azakhali ake." Ankanena mwachikondi, koma mawuwo anandiveka dzina lachiwiri pamwamba pa loyamba lija. Tsopano ndinali wonyansa komanso wolusa, ndipo zonse ziwiri ndinazilandira ngati zobadwa nazo zimene munthu sungazisinthe. Fizi itavuta ndili Fomu 2, abambo anatikhazika pansi ine ndi mlongo wanga kuti tione amene apitirize. Ndinayankha ndekha kuti apitirize iyeyo. Abale ananditama kuti ndine mwana woganizira ena. Mumtima mwanga nkhani inali ina: ndinkaona kuti ntchito ya unamwino kapena ya uphunzitsi si ya munthu wa nkhope ngati yanga, ndiye ndalamazo zikadangoonongeka.

Ngakhale m'banja ganizoli linandilondola. Bambo a kunyumba kwanga ndi kalipentala, munthu wofatsa, ndipo sanandinenepo za chipsera chikhalire. Koma akati ndimakukonda, ine ndinkafufuza chimene chabisala kuseri kwa mawuwo. Akachedwa kokhoma denga, ndinkati apeza wa nkhope yosalala. Akandigulira chitenje, ndinkati akufuna ndiziphimba khosi. Munthu ukadziona wosayenera kukondedwa, chikondi chikabwera umachilandira ndi mafunso, ndipo wokukondayo amatopa ndi kuyankha milandu imene sanapalamule. Panali nthawi imene bambowa anayambadi kuchedwa dala kubwera kunyumba pothawa mafunso anga, ndipo kwa ine umenewo unakhala umboni woti ndinkanena zoona.

Geni ya mpunga ndinaiyamba ana atabadwa. Nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, ndinkagula wosapuntha kwa alimi a kusikimu ya Bua ndi a m'madambo, n'kukapunthitsa kuchigayo, kupeta, n'kukakhala nawo pamsika. Kilombero wa kuno amadziwika dziko lonse chifukwa cha fungo lake, ndipo apaulendo odutsa mumsewu wa M5 kulowera ku Salima kapena ku Dwangwa amaima kuti agule. Anzanga galimoto ikangoima ankadzuka: "Tiyeni nawo Kilombero, bwana! Nunkhizani kaye!" Ine ndinkakhala chammbali, tsaya litaloza kumatumba, kudikira kuti wofuna abwere yekha. Madzulo anzanga ankapinda matumba opanda kanthu, ine wanga ndikubwerera nawo. Chifukwa chake ndinkachidziwa kale, kapena ndinkayesa kuti ndikuchidziwa: ndani angagule chakudya kwa munthu wa chipsera?

Pafupi nane pankakhala mayi wina wachikulire, Msilamu wa ku Linga konkuno, amene anayamba kugulitsa mpunga ine ndisanabadwe. Tsiku lina kunaima galimoto yochokera ku Lilongwe, ndipo bambo wina anabwera molunjika pamalo panga. Anatapa mpunga m'dzanja, kuununkhiza, kuugudubuza ndi chala kuona ngati muli misere, n'kufunsa mtengo. Ndinamuuza ndikuyang'ana kumbali. Anaima pang'ono ngati akudikira mawu ena, kenako anabwezera mpungawo m'thumba, kusasa m'manja, n'kukagula ndowa yathunthu kwa mayi wachitatu kuchokera pa ine. Ndinang'ung'udza ndekha kuti, "Ndi chipserachi basi."

Amayi aja anamva. Anandikodola nati, "Iwe mwanawe, tasendera kuno. Bambo aja anayambira pa iwe chifukwa mpunga wako ndi wopeta bwino kuposa wathu tonse pano. Akufunsa mtengo, iwe wayankha matumba. Munthu angapereke bwanji ndalama kwa womufulatira?"

Ndinati, "Amayi, inu simungazimvetse."

Iwo anati, "Chipseracho ine ndinasiya kuchiona sabata yoyamba yomwe unabwera pano. Chimene ndimaona tsiku ndi tsiku ndi tsinya lakolo. Limeneli ndiye limathamangitsa makasitomala, ndipo ukapanda kusamala lithamangitsa ndi amuna ako omwe."

Ndikadakonda kunena kuti ndinasintha tsiku lomwelo, koma sizinatero. Ndinakwiya, ndipo kwa masiku angapo ndinkangowapatsa moni wapakamwa. Mawu okha, ngakhale akhale oona chotani, sachotsa chimene munthu wakhala akudziuza kuyambira ali mwana. Amuna anga anali atandiuza kambirimbiri kuti ndine wokongola, ndipo sizinkalowa. Chimene mawu a amayi aja anachita n'chochepa koma chofunika: anandisiyira chikaiko. Kasitomala wina akachoka osagula, ndinayamba kudzifunsa ngati wachoka chifukwa cha tsaya kapena chifukwa cha momwe ndamuyankhira.

Amayi omwewo ndi amene anandikokera ku banki m'khonde ya amayi a pamsika. Ndinalowa chifukwa ndinkafuna ngongole yoonjezera mpamba, osati kufuna kucheza. Ndinkafika, kugula masheya anga, kuonetsetsa kuti adinda m'kabuku, n'kukhala kumbuyo. Pakati pa chaka mlembi wathu anasamukira ku Dwangwa kutsatira amuna ake amene anapeza ntchito kumunda wa nzimbe. Pofufuza wolowa m'malo, zinapezeka kuti pagulu lonse wofika ku sekondale ndinali ine ndekha. Ndinakana. Ndinati ndili ndi ana aang'ono, ndinati maso amandivuta, ndinanena zambiri. Amayi apampando anangoti, "Achemwali, mukakana inu bokosi tiliphwanya lero, aliyense atenge zake." Amayi onse anandiyang'ana, ndipo kanali koyamba kuti anthu ambiri chonchi andiyang'ane pofuna kanthu kwa ine.

Amene anakhalapo mu banki m'khonde akudziwa kuti ulembi sungaugwire mobisala. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, limatsekulidwa pamaso pa onse, ndipo mlembi amaitana dzina lililonse n'kulengeza mokweza: masheya agulidwa angati, wabweza ngongole ndani, chiwongola dzanja n'chingati, m'thumba la zadzidzidzi mwatsala zingati. Tsiku loyamba ndinaimirira pakhonde paja mawondo akugwedezeka, thukuta likuyenderera mumsana. Kope ndinaligwira m'mwamba, pafupi ndi tsaya, ngati ndikuvutika kuona zilembo. Mawu ankatuluka mong'ambika. Nditafika pakati, mayi wina anandidula: "Alembi, bwerezani pamenepo, ine sabata yatha ndinagula masheya anayi, osati atatu." Ndinatsitsa kope lija kuti ndifufuze, ndinapeza tsamba, ndinamuonetsa chidindo ndi chala, ndipo anavomera kuti anali atatu. Nditadzutsa mutu ndinazindikira kuti tsaya langa lili poyera ndipo palibe amene ali nalo ntchito. Wina ankawerenga pazala, wina ankayamwitsa mwana, wina ankamasula mfundo ya chitenje kutulutsa ndalama. Onse makutu anali pa manambala.

Sabata ndi sabata ndinkaimirira, chifukwa panalibe kothawira. Pofika mu Disembala, nthawi yogawana, ndinakhala usiku ndi nyali ndikuwerengera gawo la aliyense. M'mawa mwake owerenga ndalama atakhuthula bokosi pamphasa n'kuwerenga, zinagwirizana ndi za m'kope mwanga mpaka kwacha yomaliza. Amayi anaimba nthungululu, ndipo amayi achikulire aja anandigwira dzanja osanena kanthu. Kuyambira pamenepo pamsika anayamba kundiitana kuti alembi. Ena ankabwera kuti ndiwawerengere phindu la thumba, ena kuti ndiwalembere kalata ya kusukulu. Munthu wobwera kudzapempha thandizo sungamuyankhe utafulatira, ndiye ndinayamba kuyang'ana anthu kumaso, poyamba mokakamizika, kenako mosazindikira n'komwe. Mpunga nawo unayamba kutha.

Patapita nthawi ndinafotokozera nkhaniyi mwana wa achemwali anga amene ankaphunzira zauphunzitsi, ndipo iye anandiuza za kafukufuku amene anandiliza misozi. Mu 1980 akatswiri awiri a ku Dartmouth College ku America, Robert Kleck ndi Angelo Strenta, anatenga ophunzira n'kuwajambula chipsera chabodza patsaya ndi zodzoladzola. Anawaonetsa pagalasi kuti adzione. Kenako anawauza kuti akufuna kupakapo mafuta kuti chisasweke, koma m'malo mwake anachifufuta chonse iwo osadziwa. Atawatumiza kukacheza ndi munthu wina, ophunzirawo anabwerako akunena kuti munthuyo amawayang'anitsitsa patsaya ndipo samamasuka nawo. Chonsecho patsayapo panalibe kanthu. Zimene ankayembekezera kuona ndi zimene anaona.

Koma pano ndifuna ndinene mosapsatira, chifukwa pali anthu amene amatenga nkhani ngati imeneyi n'kumauza ovutika kuti zonse zili m'mutu mwawo. Ayi. Chipsera changa si chojambula, ndipo onyoza alipodi. Ana amandilozabe chala mu minibasi. Pachinkhoswe changa mayi wina wa kuchimuna ananena mokweza, ine ndikumva, kuti mwana wawo wasowa akazi. Amene ali ndi khungu lachialubino kapena olumala amakumana ndi zoposa pamenepa, ndipo kuwauza kuti angosintha maganizo n'kuwalakwira. Kusiyana kwake n'kwakuti kale munthu mmodzi akandinyoza, mlanduwo ndinkaugawira mudzi wonse. Ndinkafika pagulu nditaweruza kale kuti sakundifuna, ndinkakhala ngati wosafunidwa, anthu ankandisiya ndekha poopa tsinya, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndi umboni watsopano. Lero wonyoza amakhala mmodzi yemweyo, ena onse ndimawapatsa mpata woti andionetse okha zimene ali.

Mwana wa achemwali anga yemweyo anandiuzanso za katswiri wina, Albert Bandura, amene mu 1977 analemba kuti chimene chimalimbitsa kwambiri chikhulupiriro cha munthu choti angathe chinthu ndi kuchichita n'kuona chatheka. Kuona mnzako wofanana nawe akuchita kumathandiza, mawu olimbikitsa nawo amathandiza, koma mphamvu yake siyifika pa kuchita wekha. Ine ndikuvomereza ndi mtima wonse. Ndimamva ena akulangiza kuti uziima pagalasi m'mawa n'kumadziuza kuti ndiwe wopambana. Mwina ena zimawathandiza, koma ine galasilo ndi limene ndinkaliopa. Chimene chinandisintha ndi kope, manambala oti aliyense angathe kuwatsimikiza, ndi amayi amene ankandidikira Lachisanu lililonse. Ndiye kwa amene akudziona wachabechabe, langizo langa n'lakuti apeze kantchito kakang'ono ka pagulu kamene zotsatira zake zimaoneka: kuitana maina kukwaya kapena kumadrasa, kusunga kope la pamjigo, kuwerengera ndiwo pamaliro. Kakhale koti anthu akukudalira, kuti tsiku limene mantha akugwira usathe kujomba.

Chimene chimandiwawa kwambiri tsopano ndi maina amene timapatsa ana. Mwa anthu a mtundu wa Ashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana, mwana amapatsidwa dzina potengera tsiku lobadwa. Mnyamata wobadwa Lolemba ndi Kwadwo, ndipo amakhulupirira kuti amakhala wofatsa. Wobadwa Lachitatu ndi Kwaku, ndipo amati amakhala wandewu. Mu 1954 katswiri wina, Gustav Jahoda, atafufuza m'mabuku a khoti la ana, anapeza kuti anyamata a Lolemba ankapezekamo ochepa, pomwe a Lachitatu ankachuluka pa milandu yovulaza anthu. Tsiku lobadwa lilibe mphamvu pa magazi a mwana. Mphamvu ili pa zimene mwanayo amamva tsiku ndi tsiku za iye mwini, ndi momwe akuluakulu amamutengera poyembekezera zomwezo.

Ife kuno sititcha ana potengera masiku, koma tamverani pabwalo lililonse madzulo: "Mbuzi iwe!" "Mutu wouma ngati bambo ako!" "Ameneyu ndiye sadzatheka." Timanena titatopa, mawa taiwala, koma mwana saiwala. M'mera mpoyamba. Mwana wanga wachiwiri ndi wojijirika, sakhazikika, ndipo abale anali atayamba kale kumutcha wovuta. Ndinawaletsa, ngakhale agogo ake, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Akaswa mbale ndimamuuza kuti waswa mbale ndipo atole, sindimuuza kuti ndi wosasamala. Akamenya mnzake chilango amalandira, koma chilangocho ndi cha zimene wachita lero, osati chiweruzo cha moyo wake wonse. Ndinamupatsanso ntchito yoyeza mpunga pasikelo Loweruka, ndipo makasitomala akamuyamikira kuti ndi wachangu ndimaona momwe amaimira mowongoka.

Pali ena amene ganizo lodziona wachabechabe linawalowerera mpaka sagona tulo, sadya, safuna kuonana ndi anthu, mwinanso amaganiza zodzipha. Pamenepo kope la banki m'khonde silokwanira. Pazipatala za boma za m'maboma pali ogwira ntchito oona za matenda a maganizo, ndipo kupita kukawaona si misala. Mukaona m'bale wanu wafika potero, mperekezeni, musangomuuza kuti alimbe mtima.

Ukali sunatheretu mwa ine. Masiku ena munthu akandiyang'anitsitsa ndimamva kutentha kuja kukukwera m'khosi, ndipo funso lakale lija limafika pamilomo. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimalizindikira lisanatuluke, ndipo nthawi zambiri ndimangopereka moni. Ambiri amayankha bwinobwino, ena amafunsa kuti ndinatani, ndipo ndimawauza kuti ndinapsa ndi phala ndili mwana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chaka chino gulu lathu lagwirizana kuti maudindo azisinthana, ndiye ndikuphunzitsa mtsikana wina wogulitsa usipa kuti adzatenge kope. Analekeza Sitandade 8 atalephera mayeso, ndipo mawu ake oyamba anali akuti, "Alembi, ine mutu wanga sugwira, kusukulu ankanena." Sindinatsutsane naye. Ndinangomufunsa mtengo wa ndowa ya usipa kudoko, ndalama ya thiransipoti ndi ya chiphaso cha pamsika, ndipo anandiuza phindu lake pamtima ndisanamalize kulemba. Lachisanu lapitali ndinamupatsa ntchito yoitana maina okha. Likubwerali awerenga za thumba la zadzidzidzi, ndipo za ngongole tiyamba mwezi wamawa akazolowera kuimirira.